A Chigamba Akadali Moyo

Loweruka, 16 Novembala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu ndi ana. Kuno tili bwino, kupatula bondo la Bambo limene limalosera mvula kuposa a zanyengo a pa wailesi. Mudabwa kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni. Chifukwa chake mukuchidziwa. Pafoni inu mumayankhula, ine n'kumangoti eya, eya, mpaka mayunitsi kutha. Papepala pano mulibe pondidulira, ndiye khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto musanandiimbire.

Nkhani ndi ya shopu ya Bambo. Tsiku lija munaimba n'kunena kuti aitseke, makina osokera agulitsidwe, iwo abwere adzakhale nanu, ine ndinali pomwepo. Munawamva akuti "chabwino, tiona," koma simunaone zimene anachita ataika foni pansi. Anatenga kansanza n'kuyamba kupukuta makina aja, makina oyera kale, kuyambira pa gudumu mpaka kunsi kwa thebulo. Ndi chifukwa chake ndinakupemphani kuti mundipatse mpata mpaka mvula itagwa, ndipo tinapangana kuti makasitomala akapanda kubwerera ndidzawalongedzera ndekha chikwama. Mvula yagwa, Achemwali, ndipo chikwama chikadali pamwamba pa kabati.

Sindikukutsutsani pa zimene munaona mutabwera chaka chatha. Chigwetsereni nyumba ija ya pamsewu waukulu, Bambo anasamukira m'kachipinda ka pamwamba, kuseri kwa ogulitsa matayala. Kuti munthu afikeko ayenera kudutsa kanjira ka pakati pa makoma awiri n'kukwera makwerero achitsulo amene amalira ngati akudandaula. Ankakhala tsiku lonse tepi ili m'khosi, kusita suti imodzimodzi yoonetsera ija, ndipo mlendo wawo wa tsiku ndi tsiku anali mphaka wa a matayala. Zinkandiwawa ine kuposa inu, chifukwa ine ndi amene ndinkawaona akubwera kunyumba manja alibe ndi kaulusi komwe.

Munachitanso bwino kuwapangitsira tsamba la pa intaneti, pajatu anthu masiku ano safunsa mnzawo woyandikana naye nyumba, amafunsa foni. Tsambalo ndi lokongola, ndipo mawu a pamwamba munalemba nokha: "Nyumba ya Masuti Apamwamba: Luso, Ulemu ndi Kukongola." Bambo atawawerenga anaima chiriri ngati akujambulidwa. Ine ndinaona vuto tsiku lomwelo, koma ndinatseka pakamwa, chifukwa mawuwo anali anu ndipo ndikudziwa mmene mumatetezera zanu. Komatu ntchito imene ndimagwira ku ofesi ndi yomweyi, yokonza masamba a makampani kuti azioneka anthu akamasaka zinthu pa intaneti. Inu anthu akakufunsani mumangoti "amagwira za makompyuta" n'kusintha nkhani. Lero muimva, monga momwe anaimvera Bambo.

Ndinatenga kompyuta yanga kupita nayo kushopu, n'kuiika pa thebulo lodulira nsalu. Ndinawauza kuti pali makina amene anthu amawafunsa chilichonse. Bambo anati, "Makina amenewo amasoka chiyani?"

Ndinati, "Sasoka, Bambo, amasaka. Inu mumasoka, iwo amasaka. Ntchito yanga ndi yoti osaka apeze osoka."

Anaseka n'kukoka mpando. Ndinawaonetsa kuti munthu akalemba mawu m'kabokosi kofufuzira, makina amamubweretsera tsamba la zotsatira, ndipo tsamba limenelo lili ngati msewu wa masitolo. Pamwamba penipeni pamakhala amene alipira kuti aonekere, ndipo pambali pawo pamakhala kamawu kakang'ono kosonyeza kuti ndi zotsatsa malonda. M'munsi mwawo mumabwera mapu ndi mashopu ochepa a pafupi ndi wofunsayo, ndi nyenyezi zimene makasitomala awapatsa, ndi nthawi yotsegulira. Kenako pamabwera mafunso amene anthu ena amafunsanso pa nkhani yomweyo. Pomaliza ndiye mizere yabuluu ija. Mzere uliwonse ndi chikwangwani cha pachitseko, ndipo timizere tiwiri ta pansi pake ndi munthu woima pakhomo amene akuti lowani muone. Wofunsa amayang'ana zitseko zoyambirira n'kudina chimodzi. Patsamba lachiwiri amafikako ndi amene wasowa mtengo wogwira.

Bambo anati, "Ndiye ife tili pati pamsewu umenewu?"

Ndinalemba "telala pafupi ndi ine" n'kuyamba kutsika. Tinadutsa tsamba loyamba, lachiwiri, lotsatira, lotsatiranso. Bambo anapita kukathira madzi mu simbi n'kubwerera ndikadasakabe. Nditawapeza, anayang'ana kamzere kawo nthawi yaitali n'kunena kuti, "Ndiye kuti ngakhale ku intanetiko tili kuseri kwa matayala." Pa mapu zinali zoipirapo. Kachizindikiro kathu kanali kakadali pamalo akale paja, pamene tsopano pali ogulitsa mafoni.

Za mapu ndinakonza tsiku lomwelo, n'zosavuta. Chovuta chinali mawu. Pali chida chimene chimaonetsa mwini tsamba mawu amene anthu analemba pamene tsamba lake linatulukira, ngakhale litatulukira kutali. Sichitchula mayina a anthu, chimaonetsa mawu okha. Achemwali, olemba "masuti apamwamba" ndi ochepa, ndipo ochepawo anatengedwa kale ndi masitolo akuluakulu amene amalipira kuti akhale pamwamba. Anthu ambiri amalemba mavuto awo. "Zipi ya jekete yakana kutseka." "Thalauza lang'ambika pakati ndipite kuti." "Kuchepetsa diresi la ukwati mwachangu." Munthu akakhala yekha ndi foni yake sachita manyazi, amalemba zoona.

Pakati pa zimenezo ndinapeza zimene zinandiimitsa mutu. "Telala Chigamba anasamukira kuti." "Chigamba wosoka ali pati tsopano." Osati kamodzi ayi, mobwerezabwereza, miyezi ndi miyezi. Makasitomala awo akale ankawasaka, koma ankawasaka ndi dzina limene patsamba lathu panalibe. Makina alibe nzeru zoti adziwe okha kuti Nyumba ya Masuti Apamwamba ndi Chigamba ndi munthu mmodzi. Ankangogwira mawu akuti telala n'kutiponya kumapeto kwa mzere.

Ndikudziwa kuti pofika pano mwayamba kale kupuma mokweza. Dzina limeneli m'nyumba mwathu silinkatchulidwa. Mukukumbukira mmene Mayi ankatifotokozera, kuti Bambo akuphunzira ntchito anali ndi thalauza limodzi lokha, ndipo likang'ambika ankaliika zigamba za tinsalu totsala pansi pa thebulo la abwana awo, chofiira apa, chamizeremizere apo, mpaka anzawo anawapatsa dzina. Anakula nalo, anakwatira nalo, anasoka masuti a anthu olemekezeka, koma dzina silinawachoke. Mayi okha ndi amene ankawaitana choncho pamaso pawo, akakondwa kwambiri kapena akakwiya kwambiri. Ndipo ndikukumbukira inu kusukulu mukung'amba yunifolomu ya mtsikana uja amene anakutchani mwana wa Chigamba, Bambo n'kukakamizika kuisoka ulele, ndi chigamba chomwe. Zonsezi ndinazilingalira. Kenako ndinakumbukira Bambo akupukuta makina oyera, ndipo ndinasintha mutu wa tsamba osauza aliyense.

Mzere wabuluu unakhala wakuti: "Telala Chigamba: zipi, zigamba, kuchepetsa ndi kukulitsa zovala." Mawu anu a luso ndi ulemu sindinataye, ndinangowatsitsira m'kati. Ndinaika chithunzi cha Bambo ali pa makina, ndi cha makwerero kuti munthu akawaona asabwerere. Ndinalembanso mayankho a mafunso amene anthu amafunsa, monga ngati diresi lochepa lingakulitsidwe, kapena ngati zipi ya chikwama imasinthika. Ndinkawafunsa Bambo ngati tikungocheza, iwo n'kumayankha mwatsatanetsatane osadziwa kuti akudzilembera okha tsamba. Kenako ndinadikira, chifukwa makina sasuntha tsiku lomwelo. Amabwera pa nthawi yawo kudzawerenga zimene wasintha, n'kukayeza ndi za ena, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine kudekha si mbali yanga, mukundidziwa, moti ndinkasuzumira pafoni ngakhale ndili pakati potsuka mbale.

Tinayamba kukwera pang'onopang'ono, ndipo makwerero achitsulo aja anayamba kulira. Oyamba kubwera anali anthu aulemu, ankangoti "yatiuza ndi foni" n'kusiya zovala. Bambo ankandiyang'ana monyadira, ine n'kumayang'ana kumbali. Ndinkadziwa kuti tsiku likubwera.

Linabwera Loweruka lina masana, ine ndili m'shopu kuthandiza kusokerera mabatani. Anakwera makwerero mayi wina wojintcha, namwino, akupuma mwawefuwefu, yunifolomu yong'ambika m'khwapa ili m'manja. Asanalowe n'komwe anakuwa kuti, "Odi kuno! Ndiye munadzabisala kuno, a Chigamba? Ine kukusakani chaka chonse!"

Sizasi ya Bambo inaima pakati pa nsalu. Anati, "Mwati ndani, mayi?"

"A Chigamba, si inu kodi? Taonani, foni yanena, ndi chithunzi chanu chomwe."

Anawaonetsa foni pafupi ndi mphuno. Bambo anawerenga, anabweza foni, anayeza yunifolomu, anapangana nawo tsiku lodzatenga, anawaperekeza mpaka pakhomo, zonse mwaulemu wawo uja. Makwerero atasiya kulira anatembenuka n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Mwana wanga, ndakulakwira chiyani?"

Bola akanandikalipira. Anati, "Dzina limenelo ndakhala ndikulisomola moyo wanga wonse ngati ulusi wosokedwa molakwika. Iwe walisokereranso kumsana kwanga kuti dziko lonse liwerenge."

Pakamwa panga mukupadziwa. M'malo mopepesa ndinati, "Bambo, nanga masuti apamwamba akubweretserani ndani kupatula mphaka?" Mawuwo atangotuluka ndinalakalaka n'tawameza. Bambo anangoti, "Ulichotse," n'kupitiriza kudula nsalu. Popita kunyumba iwo anali patsogolo, ine pambuyo, ngati anthu osadziwana. Lamlungu lonse m'nyumba munali zii, tiyi tinamwa aliyense payekha.

Ndinaganiza kuti ndiwamvera. Ndinali wotsimikiza kuti pa ntchito sindinalakwe, ndipo mpaka lero ndikadali wotsimikiza, koma dzina ndi la mwini wake. Lolemba m'mawa, ndisanapite ku ofesi, ndinakwera nawo kushopu ndi kompyuta. Ndinati, "Bambo, ndichotsa pamaso panu. Koma muone kaye amene akhala akukusakani." Anavala magalasi monyinyirika n'kuyamba kuwerenga ndi chala, milomo ikuyenda. Pa thalauza long'ambika pakati paja anatsokomola pobisa kuseka. Pa "Chigamba anasamukira kuti" anawerenga kawiri.

Panali mzere wina umene sindinafune kuti awuone. Ine ndinauona tsiku loyamba lija ndipo unandisowetsa mtendere. Ndinayesa kudutsapo msanga, koma chala chawo chinaugwira. Unali wakuti: "kodi a Chigamba telala akadali moyo."

Bambo anati, "Walemba ndani?"

"Makina satchula mayina, Bambo."

"Nanga anamuyankha chiyani?"

"Analemba ndisanaike dzina. Makina anamuonetsa matelala ena, ife tinali kutali kuja."

"Ndiye kuti anapita akuganiza kuti ndinafa."

Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya, nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira. Anati, "Munthu ameneyu sanafunse za Nyumba ya Masuti." Ndinati ayi. Anati, "Mayi ako akanaseka mpaka kugwa pampando." Ine misozi inalengeza, sindikubisirani.

Atavalanso magalasi anati, "Timizere tiwiri ta pansi tija, ta munthu woima pakhomo, timasinthika?"

"Timasinthika, Bambo."

"Lemba kuti: Akadali moyo ndipo akusokabe. Kuseri kwa ogulitsa matayala, kwerani makwerero."

Ndinalemba. Ndinafunsa kuti, "Nanga dzina?"

Anati, "Lisiye. Koma uike A wamkulu patsogolo. Ndine munthu wamkulu ine."

Nthawi zina makina amanyalanyaza timizere timene mwini tsamba walemba n'kusankha okha mawu ena a m'kati, koma awa anawasiya momwe alili. Tengani foni yanu pompano mulembe dzinalo, muona. Ali pamwamba, pa mapu ndi pa mizere yabuluu pomwe, popanda kulipira aliyense. Pa za zipi tili m'munsi mwa ochapa zovala ena ake, koma ndikuwadziwa pamene afooka, ndipo ndiwadutsa chaka chisanathe. Pa "masuti apamwamba" tikadali kutali, ndipo sindikudandaula, chifukwa masuti akulowera khomo la zigamba. Sabata yatha kunabwera mkulu wina wa imvi ndi suti imene Bambo anamusokera pa ukwati wake, kuti aikulitse pamimba avale pa ukwati wa mwana wake. Atamva kuti zitheka, anaitanitsanso suti yatsopano ya mkwati. Bambo anandiyang'ana ngati ndi iwo amene anakonza zonsezi.

Tsopano ali ndi chizolowezi chatsopano chimene chikundichititsa manyazi. Kasitomala wakale aliyense akalowa, asanamuyeze n'komwe, amamufunsa kuti, "Kodi ndinu munafunsa ngati ndili moyo?" Palibe amene wavomera mpaka pano. Namwino uja anati akanafunsa iye akanalemba ndi zilembo zikuluzikulu.

Walira mvula walira matope. Ntchito yachuluka, ndipo pali chinthu chimene muyenera kumva kwa ine musanadzachione nokha. Maso a Bambo sakuonanso bowo la singano. Msoko wawo ukadali wowongoka, manja amadziwa njira, koma kulowetsa ulusi kukuwavuta. M'mawa uliwonse ndisanapite ku ofesi ndimawalowetsera ulusi m'masingano angapo, wakuda, woyera, wabuluu, n'kuwabaya pa kapilo ka pathebulo. Iwo amachita ngati sanaone, ine ndimachita ngati sindinachite. Ndikudziwa kuti mugwira pomwepa n'kunena kuti mwaona, abwere kuno. Tsiku limenelo lidzafika, ndipo likadzafika sindidzalimbana nanu. Koma si chaka chino. Munthu amene anthu akumufuna sachotsedwa pa mpando wake chifukwa cha bowo la singano. Ndipo ndinene zoona zonse, popeza simungandidule: sindinamenyere nkhondo shopu yokha ayi. Chimwalirireni Mayi, m'nyumba muno timayankhula ndife awiri, ndipo Lamlungu lija la zii linandionetsa mmene nyumbayi idzakhalire iwo akadzachoka. Sindinalikonde.

Ndiye ndili ndi zopempha ziwiri. Choyamba, kumeneko kumapezeka nyale zija za pathebulo zokhala ndi galasi lokulitsa zinthu. Mutumize imodzi, koma munene kuti ndi mphatso ya ana, chifukwa ikachokera kwa inu kapena kwa ine aikana.

Chachiwiri ndi chovutirapo. Makina amakhulupirira kwambiri shopu imene makasitomala ake amalemba ndemanga ndi kupereka nyenyezi. Zabodza sindilola, ngakhale a matayala anadzipereka kuti alembe khumi tsiku limodzi. Koma inu ndinu kasitomala weniweni. Diresi lanu la ukwati anasoka ndi Bambo, ndipo analikulitsa mwakachetechete sabata yomaliza ija osakufunsani mafunso. Lembani zimenezo, kapena mbali imene mungathe. Koma mutchule dzina limene anthu amasaka, apo ayi ndemanga yanu ipita kuseri kwa matayala. Ndikudziwa kuti chala chanu chidzauma pa chilembo choyamba. Mukumbukire kuti mtsikana munamung'ambira yunifolomu uja sananame, anangoiwala A wamkulu.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti jekete lawo limene anasiya kuno lili ndi mabatani onse tsopano. Ana muwapsompsone, ndipo wamkuluyo mumuuze kuti agogo ake akufunsa ngati wasiya kukula, chifukwa mpendero wa thalauza lake watsala pang'ono kutha. A matayala akupereka moni, akuti makasitomala athu awadetsera kanjira. Mphaka wakwiya, mpando wake tsopano pamakhala anthu.

Ndikulemba kalatayi pa thebulo lodulira nsalu, ndipo Bambo akhala akundizungulira ngati akufuna choko. Ndawafunsa kuti ndikuuzeni chiyani, akuti ndiwasiyire malo pansipa alembe okha. Zilembo zawo zakula masiku ano, musadabwe. Ndasuzumira zimene alemba papepala lina poyeserera, ndipo A wamkulu amene anandilamula ine uja, iwo kwa inu sanamuike.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Mzime, mwana wa a Chigamba

Mwana wanga, chipinda unandikonzera chija uzigonekamo alendo, ine ntchito yandigwira. Ukamabwera ubwere ndi chilichonse chong'ambika, ndidzakusokera. Usamenyenso munthu chifukwa cha ine.

Ndine bambo ako,
Chigamba